Zithunzi za Agness

Uthenga unafika pa foni Lamulungu masana, wochokera kwa Annette, mkulu wake wa malemu Agness. Unalibe moni.

"Ba Sakala, chaka chakwana. Loweruka tibwera ndi ba Petros kudzatenga katundu wa m'bale wathu ndi kukusudzulani. Mukonzeretu zovala, yunifomu ya Chigwirizano, makina osokera, ndi alubamu yobiriwira ija. Mu alubamumo musasowe kanthu."

Gerald Sakala anauwerenga kawiri ali chiimire pakhonde la nyumba yake ku Chelstone. Za zovala ndi makina sizinamuvute. Mwambo ankaudziwa: mkazi akamwalira, zake zimabwerera kwa abale ake, ndipo chaka chikatha abalewo amabwera kudzamasula mwamuna, kumupaka ufa pamphumi ndi kumuuza kuti ukwati watha. Iye ndi Agness anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi popanda mwana, choncho panalibe woti n'kuimirira ndi kunena kuti ichi chokha chitsale, n'cha amayi anga.

Chimene chinamuvuta chinali alubamu. Agness sankalola kujambulidwa ndi foni. Ankati foni imamukulitsa mphuno. Mu foni ya Gerald munali chithunzi chake chimodzi chokha, atafulatira, akuthirira repu kuseri kwa nyumba. Nkhope yake yonse, kuyambira ali khanda mpaka chaka chimene imvi zinayamba, inali mu alubamu yobiriwirayo. Loweruka ikatuluka pageti, m'nyumbamo simudzatsala nkhope ya Agness.

Anayesa kujambula masamba a alubamu ndi foni tsiku lomwelo. Pa chithunzi chilichonse pankatuluka kuwala kwa windo, kapena mthunzi wa mutu wake womwe. Anazifufuta zonse.

Lolemba anakwera minibasi kupita m'tauni. Kuseri kwa msewu wa Chachacha, pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mafoni, kunali kasitolo ka Abdulla, bambo wa ndevu zoyera amene ankagulitsa makina akale a m'maofesi. Gerald anafotokoza chimene ankafuna m'mawu ochepa, osatchula maliro.

"Sikana? Ilipo, ba mudala," anatero Abdulla, akutsitsa chimakina chophwatalala pamwamba pa shelefu ndi kuchipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. "Ni yakudala koma siinama. Muika foto pagalasi apa, nkhope pansi, mutseka, mudina aka. Nyali ikali kuyenda, osasegula."

"Nkhope pansi?"

"Pansi. Mukaika kuyang'ana kumwamba muzajambula kumbuyo, muzabwela kunikalipila ine ati makina yanga ni yakufa." Anaseka yekha, akukulunga mawaya. "Tengani na fulashi, mudala, muziikamo kope ina."

"Kunyumba kuli laputopu. Ikwana."

"Ndimwe eni ake."

Pobwerera anainyamula pamiyendo. Kondakitala anaiyang'ana nati, "Ba tate, mwagula sitovu ya mbale imodzi? Na malaiti yamene kulibe aya?" Amayi awiri a pampando wakumbuyo anaseka. Gerald anayang'ana pawindo.

Za magetsi kondakitala sananame. Miyezi imeneyo ku Chelstone ankayaka sikisi koloko m'mawa n'kuzima teni koloko. Laputopu inali ya Agness, yolembera maminiti a Chigwirizano cha amayi kumpingo, ndipo batire yake inali itafa kalekale. Magetsi akazima, nayo inkazima pomwepo. Soketi yokhayo yodalirika pabalaza inali pansi pa shelefu ya mabuku, choncho Gerald anakankhira katebulo pamenepo. Shelefuyo inali yotsika. Chivundikiro cha sikana chinkangotseguka theka n'kugunda thabwa, ndipo zithunzi ankazilowetsa ndi dzanja lotambasula, ngati munthu woika buledi mu uvuni.

Ntchito inali yochedwa kuposa mmene ankaganizira. Alubamu inali ya mtundu wakale, ya masamba a guluu okutidwa ndi pulasitiki, ndipo zithunzi zinali zitagwirana ndi masambawo. Chilichonse ankachimatula ndi nsonga ya mpeni wa patebulo, pang'onopang'ono, kuyambira pangodya. Chikachoka, kumsana kwake kunkatsala guluu, moti chinkamata ku zala, ku nsalu ya patebulo, ku chilichonse chimene chachikhudza.

Pofika Lachitatu anali atapeza njira yake. Ankapukuta galasi ndi kansalu ka magalasi ake a m'maso, n'kuika zithunzi ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, motalikirana, n'kutseka. Nyali inkayenda pansi pa chivundikiro ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kenaka nkhope zinkatuluka pa laputopu, kuyambira kumutu kutsika pansi. Gerald anaphunzitsa jogalafe kusekondale mpaka kupuma, ndipo mafayilo ankawapatsa maina monga ankachitira ndi mapu: chaka, malo. 1993 Kabwata. 1998 Siavonga. 2006 Katete. Sankayang'anitsa. Chikatuluka bwino ankachibwezera pamalo pake mu alubamu n'kutenga china.

Kamodzi kokha anaima. Chinali cha ku Kabwata, chaka choyamba cha ukwati: Agness atakhala pamasitepe a mafulati, akuseka munthu amene sanalowe m'chithunzi. Gerald anali atachionapo kambirimbiri. Koma atachikulitsa kuti aone ngati galasi linali loyera, anaona kuti dzanja lamanzere la Agness, kuseri kwa bondo, linali litabisa magalasi a m'maso. Anali ake. Anakumbuka kuti tsiku limenelo anawafunafuna m'nyumba monse mpaka kuchedwa kutchalitchi, ndipo Agness ankamuthandiza kufuna. Anayang'ana dzanjalo mpaka magetsi anazima, mphindi makumi awiri za ntchito zitapita.

Lachisanu magetsi atazima panali patatsala ziwiri. China chinali chachikulu, cha Agness yekha atavala yunifomu ya Chigwirizano, chimene chinaikidwa pamwamba pa bokosi tsiku la maliro. China chinali kachithunzi ka patsamba loyamba, kakuda ndi koyera, kosadzaza chikhatho: aNambewe, amayi awo a Agness, atakhala pampando mu situdiyo ya ku Chipata, Agness ali khanda pamiyendo, Annette ataima pambali ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chithunzi china cha aNambewe kunalibe kwina kulikonse. Alubamu inatsala ndi Agness chifukwa ndiye anawadwazika mpaka kumwalira, ndipo nkhani imeneyo Annette sanaiiwale. Kachithunziko kanamata kuposa zonse. Gerald anakasiyira tsiku lomaliza poopa kukang'amba.

Alendo anati afika Loweruka masana. Katundu anali atamangidwa kale m'zikwama pabalaza, makina osokera atakutidwa ndi chitenje. M'mawa wa tsikulo Gerald anatha ola lathunthu akumatula kachithunziko, ndipo kanachoka kathunthu. Anakaika pangodya ya galasi, chachikulu chija pakati, n'kutseka, n'kudina. Nyali itafika kumapeto n'kubwerera, panja panalira hutala. Inali hafu pasiti eyiti.

Annette analowa osachita odi. Anali mayi wamtali wa ku Kabulonga, amene ankayenda ndi makiyi a galimoto m'manja ngakhale m'nyumba za anthu. Pambuyo pake pankabwera Petros, mlongo wawo wamkulu wa ku Lilayi, mwini mbumba, atavala jekete lake la maliro ndi maukwati. Anapukuta nsapato pakhomo nthawi yaitali kuposa yofunika.

"Ba mulamu, muli shani?" anatero Petros. "Tafulumira. Ba madamu awa ali ndi miting'i masana."

"Ndili bwino, ba mulamu. Khalani pansi."

Annette sanakhale. Maso ake anali pa katebulo: alubamu yotsegula, mpeni, laputopu, ndi chimakina chachilendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Sikana. Ndikutenga makope a zithunzi. Zenizenizo ndikubwezera m'malo mwake."

"Anakulolani ndani?"

"Palibe."

Annette anapita pa katebuloko n'kutukula chivundikiro mpaka chinagunda shelefu. Pagalasi panaoneka msana woyera wa chithunzi chachikulu. Anachisolola n'kuchitembenuza. Anachiyang'ana, kenaka anayang'ana galasi.

"Ba Petros, bwerani muone." Mawu ake anali otsika. "Chafufumimba. Mwana wa amayi anga amugoneka chafufumimba, n'kumutsekera ndi chivundikiro. Chithunzi cha pabokosi. Tinamuika kamodzi, ba Sakala. Simunakhutire?"

"Makinawa amagwira ntchito choncho. Nkhope imayang'ana galasi."

"Ndiphunzitseni, aphunzitsi. Ndiphunzitseni makina. Miyezi inayi mkazi akuonda pamaso panu, inu muli m'nyuzipepala. Akuti ndi mutu chabe, inu n'kuvomera. Pamenepo maphunziro anali kuti? Lero ndiye mwadziwa kumuyang'anitsitsa, mpaka ndi nyali."

Anamenyetsa chivundikirocho.

"Annette, pang'onopang'ono," anatero Petros. "Ni fotokope chabe. Ine chitupa changa anachigoneka choncho kubanki, sindinafe."

"Ngati mulibe chonena, khalani chete."

Petros anayang'ana nsapato zake. Nkhani ya miyezi inayi inali yoona. Pamaliro Gerald sanalire pamaso pa anthu, ndipo ankadziwa kuti Annette anaona.

Tsopano Annette anakhala, alubamu pamiyendo. Anabwezera chithunzi chachikulu patsamba lomaliza n'kuyamba kutsegula chobwerera, tsamba ndi tsamba, akusisita chilichonse ndi chala kuti amve ngati chang'ambika. Atafika patsamba loyamba anaima. Pakati pa tsamba lachikasulo panali malo oyera, a ngodya zinayi.

"Amayi ali kuti?"

"Ali m'makinamo. Ndinawaika limodzi ndi chachikulucho."

Petros ananyamuka, natukula chivundikiro, nawerama kusuzumira pagalasi. "Mulibe kanthu, ba mulamu."

Gerald anabwera kudzaona yekha. Analowetsa dzanja n'kupapasa galasi lonse mpaka kungodya. Munalibe. Anayang'ana pansi pa katebulo, kuseri kwa laputopu, pansi pa nsalu. Petros anagwada movutikira n'kusuzumira pansi pa sofa. Annette ankawayang'ana onse awiri osasuntha.

"Tulutsani matumba."

"Annette," anatero Petros.

"Atulutse."

Gerald anatulutsa. Pa katebulo anaikapo mpango, makiyi a geti, kansalu ka magalasi, ndi tikiti yakale ya minibasi. Matumba a buluku anatsala ali lende kunja.

"Mwabisa," anatero Annette. "Munatenga Agness zaka makumi atatu, mwatibwezera bokosi. Manje mwatenga ndi amayi omwe."

"Sindinabise. Chagwera penapake, chipezeka. Ndipo kope yake ili mu laputopu, mutha kuiona."

"Kope! Amayi anga asanduke kope?" Anaimirira n'kuzula waya pa soketi. Laputopu inazima. "Iyi ndinagula ndine, tsiku limene Agness anakwanitsa fifite. Ndi katundu wake. Ndinangoiiwala pa uthenga. Ba Petros, nyamulani."

"M'menemo muli ntchito ya sabata yonse, ba mulamu," anatero Gerald.

"Lolemba ndiipereka kuofesi aifufute yonse, ipite kwa mdzukulu wanga kusukulu. M'bale wanga sakhala m'makina a munthu."

Gerald anakumbuka Abdulla ndi fulashi yake. Anabwezera matumba m'kati, limodzi limodzi.

"Ba mulamu, ndikupempha. Mundilole nditengemo zithunzi zokhazo."

Pa zaka zonsezo anali asanamupemphepo kanthu, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Bwezani amayi," anatero Annette.

Petros anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kokulunga, kamene munali ufa woyera. Anakaonetsa kwa mlongo wake ngati munthu wofunsa njira. "Nanga ichi?"

"Bwezerani m'thumba. Wakuba sitisudzula. Akhale choncho."

Ananyamula zikwama, alubamu, laputopu ndi waya wake. Makina osokera anagwirizira awiri, Petros ndi Gerald, ndipo ali pamasitepe Petros ananong'ona, "Funani bwino, mulamu. Mumudziwa. Akakwiya ndiye kuti akulira." Hutala inalira, ndipo Petros anathamangira kugalimoto.

Teni koloko magetsi anazima, firiji inasiya kulira. Gerald anasesa pabalaza ponse. Anasuntha sofa, anatsitsa mabuku a pashelefu n'kuwakutumula limodzi limodzi. Anayang'ana ngakhale pansi pa nsapato zake. Pamene dzuwa linapendeka anasiya. Sikana inalibenso ntchito, ndipo sanafune kuiona pamenepo. Anabweretsa katoni, nakoka makinawo kuwachotsa pansi pa shelefu, ndipo atawapendeketsa kuti alowe m'katoni, chivundikiro chinatseguka chonse.

Kachithunziko kanali pamenepo, katamata ndi msana wake ku siponji yoyera ya kunsi kwa chivundikiro. ANambewe ankamuyang'ana ali chadodolido.

Gerald anakhala pansi. Patapita nthawi anatenga mpeni uja n'kukamatula. Anakayang'ana pawindo. Agness wa pamenepo anali kamtolo ka nsalu zoyera, nkhope ngati kambewu ka nyemba. Sanali Agness amene iye ankamufuna.

Anatenga foni kuti aimbire Petros, abwere adzatenge. Anapeza dzina, chala chili pamwamba pake. Kenaka anaibwezera m'thumba, navala nsapato, napita kumsika wa Chelstone kukagula fulashi. Atabwerako analembera Annette yemwe.

"Chithunzi cha amayi chapezeka, chinamata kunsi kwa chivundikiro. Chili bwino. Ndibwera nacho mawa tikatuluka m'tchalitchi. Ndibweranso ndi fulashi."

Uthengawo unawerengedwa. Sunayankhidwe.

Nyumba ya Annette ku Kabulonga inali kuseri kwa mpanda wautali wa mawaya amagetsi pamwamba. Gerald analowamo kangapo ali ndi Agness. Yekha anali asanafikepo. Mlonda, bambo wa ku Kasama dzina lake Besa, anatsegula kawindo ka pageti n'kumulonjera m'Chibemba.

"Ba shikulu, mwaiseni. Ba madamu akuti musiye envulopu kuli ine."

"Auzeni kuti ndipereka m'manja mwawo."

Besa anamuyang'ana, napita. Gerald anaima padzuwa theka la ola. Magalimoto a anthu ochokera kutchalitchi ankadutsa mawindo atatseka. Pomaliza kachitseko ka pageti kanatseguka ndipo Annette anatuluka, akadali ndi diresi la kutchalitchi koma atavala masilipasi. Anatambasula dzanja.

"Patseni."

"Ndikupatsani. Ndikupempha laputopu kaye, mphindi khumi."

"Ndiye chinamata kunsi kwa chivundikiro. Nkhani yabwino. Mwaikonza usiku wonse?"

"N'zimene zinachitika."

"Ngati n'zimene zinachitika, munthu wabwino akanangobweza."

"Inde."

"Mwabwera kudzandigulitsa amayi anga pageti panga."

"Itchuleni mmene mufunira, ba mulamu."

Annette anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zafumbi mpaka ku jekete, pamene dzanja lake lamanja linali litagwira thumba la m'kati.

"Ndingathe kuuza Besa akulandeni."

"Mungathe. Ndi pepala la zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Silichedwa kung'ambika."

Besa anayamba kuyang'ana mawaya a pampanda ngati mwina aduka. Mawu amenewo Gerald sanawakonzekere, ndipo atawamva akutuluka sanawakonde. Koma sanawabweze.

"Agness akanakuonani lero," anatero Annette.

"Akanationa tonse."

Panadutsa galimoto ina. Annette anatembenuka.

"Besa, katenge laputopu patebulo la m'khichini. M'nyumba mwanga salowa. Achitire m'kanyumba kako."

Kanyumba ka mlonda kanali ndi mpando umodzi, kashelefu, ndi soketi imene inkalandira magetsi a sola a nyumba yaikulu. Besa anazula ketulo yake n'kulumikiza laputopu. Gerald anakhala, naiika pamaondo, nalowetsa fulashi. Foda inalipo, dzina lake Agness. Anaikokera ku fulashi monga mmene mtsikana wogulitsa kumsika anamusonyezera, ndipo kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, kochedwa kwambiri. Annette anaima pakhomo atapinda manja, akutchinga kuwala.

"Mphindi khumi zayamba kale."

"Ndaona."

"Mukazitenga muzichita nazo chiyani? Muziika pa Facebook, anthu azikuyamikirani kuti munali mwamuna wachikondi?"

"Ndilibe Facebook."

"Kapena muzionetsa mkazi watsopano."

Kamzere kanafika theka n'kuima, kenaka kanayambanso. Panja Besa ankasesa masamba pamalo osesa kale.

Katafika kumapeto, Gerald anafuna kutsimikiza kuti mafayilo alowadi. Anatsegula fulashi n'kudina lomaliza, limene analibe nthawi yolipatsa dzina. Linatuluka lonse: Agness wa yunifomu pakati, kachithunzi kaja pangodya. Chizolowezi cha sabata yonse chinamutsogolera dzanja, ndipo anakulitsa ngodyayo kuti aone ngati yatuluka bwino.

Nkhope ya aNambewe inadzaza galasi lonse la laputopu. Pamasaya pawo panaoneka mphini, mizere itatu mbali iliyonse, zimene pa kapepala kaja zinkangooneka ngati mthunzi. Duku linali ndi timadontho. Mlomo unali wotseka mwamphamvu ngati munthu amene wauzidwa kuti asaseke. Gerald anasuntha chithunzicho kutsika, ndipo panabwera kamtsikana ka pambali, kopanda nsapato, phazi limodzi litabisala kuseri kwa linzake, dzanja litafumbata chitenje cha amayi ake mpaka kuchikwinya.

Mthunzi wa pakhomo unasuntha. Annette anali atalowa, ataima kumbuyo kwa mpando. Gerald ankamva kupuma kwake. Sanacheuke.

"Bwererani pamwamba."

Anabwerera pa nkhope.

Kenaka Annette anati, "Mphini zinali zitatu. Ine ndinkati ziwiri."

Gerald anasiya chithunzicho pomwepo.

"Tsekani."

Anatseka. Anachotsa fulashi n'kuiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Kenaka anatulutsa envulopu m'jekete n'kuipereka ndi manja awiri. Annette anaitsegula pomwepo, nayang'ana kachithunziko kutsogolo ndi kumbuyo, napenda ngodya zonse zinayi. Kumsana kwake kunali kutamatirira kachidutswa ka siponji yoyera. Anakachotsa ndi chikhadabo, nakayang'ana kali pachala, nakataya pansi.

"Foda ija mwaifufuta?"

"Ayi. Ndikhoza kuifufuta tsopano ngati mukufuna."

"Ndakufunsani zimenezo? Isiyeni." Anamulanda laputopu pamaondo n'kuifungatira limodzi ndi envulopu. "Musaganize kuti zatha. Miyezi inayi ija sindinaiiwale, ndipo za lero sindidzaiwala. Za ufa mukambirane ndi ba Petros. Ine sindidzabwera."

"Ndamva, ba mulamu."

"Besa, atsegulire."

Kachitseko kanatsekedwa kumbuyo kwake, loko inalira. Gerald anayenda m'mbali mwa mipanda mpaka pamsewu waukulu. Ali pa siteji anakhudza thumba la malaya kawiri. Kunyumba kunali sikana m'katoni, ndipo kunalibe makina alionse otsegulira fulashi.

Lolemba anakweranso minibasi ya m'tauni. Pafupi ndi kasitolo ka Abdulla panali situdiyo yotsuka zithunzi. Mayi wa pakauntala, amene pa baji yake panalembedwa Salifyanji, analowetsa fulashi m'kompyuta, ndipo timafayilo tinadzaza galasi lonse.

"Iye, ba tate, ni yambili! Tichape yonse?"

"Chimodzi kaye. 1993 Kabwata."

Salifyanji anachitsegula. "Ba mami anali okongola. Niduleko kumbali uku, tisiye nkhope chabe? Izaoneka bwino mu felemu."

"Ayi," anatero Gerald. "Dzanja lamanzerelo lioneke."